Kabezi ka mu You Can Call Me Al: ndi zala za munthu kapena makina?

Gift wa Bezi:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Mu nyimbo ya Paul Simon ija ya You Can Call Me Al, chakumapeto kuli malo amene zida zonse zimangoti zii, bezi n'kuthamanga yokha kamphindi. Theka loyamba zala zanga zimalola ndithu. Koma theka lachiwiri limamveka mwachilendo, mawu ake amachita kumezedwa m'malo motuluka. Pamenepaja ndi munthu kapena ndi kiyibodi?

Mada wa ku Situdiyo:
Ndi munthu, koma theka lokha. Anamenya bezi ndi Bakithi Kumalo wa ku Johannesburg, pa bezi yopanda tizitsulo tapakhosi tija, imene timaitcha fretless. Iye anamenya theka loyambalo. Kenaka injiniya wa Paul Simon, Roy Halee, anatenga tepi ya kachigawo komweko n'kuitembenuza kuti iyambire kumapeto, n'kuilumikiza kutsogolo kwake. Ndiye chimene ukumva kachiwiriko ndi manoti omwewo akuyenda chafutambuyo. N'chifukwa chake akumveka omezedwa. Chingwe ukachimenya, mawu amayamba mwamphamvu n'kumazilala. Ukatembenuza tepi, amayamba mozilala n'kukathera pamphamvu. Chala cha munthu sichingatulutse zimenezo.

Gift wa Bezi:
Aaa, ndiye nthawi yonseyi ndimapikisana ndi tepi?

Mada wa ku Situdiyo:
Eya mphwanga, ndipo tepi siitopa. Koma usataye mtima, ngakhale Kumalo mwiniwake akakhala pa siteji amamenya zofananirako basi, manotiwo amawabweza ndi zala. Iye wakhala akufotokoza kuti tsiku limene anajambula kachigawo kameneko linali tsiku lake lobadwa, ndipo anangopatsidwa mpata kuti achitepo kanthu pamalo opumirapo.

Malume wa ku Joni:
Mukukamba za bezi, chabwino, koma mwadumpha munthu amene gulu lino likanayenera kuyamba kumutchula. Gitala ya m'nyimbo imeneyi anaimenya ndi Ray Phiri. Dzina lake lonse Raymond Chikapa Enock Phiri. Tamvani maina amenewo bwinobwino. Anabadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit, komwe pano amati Mbombela, ndipo bambo amene anamulera anali ochokera ku Malawi, nawonso omenya gitala. Kuno anthu ankangomutcha Chikapa. Ndiye mukamavina nyimbo imeneyi pa zinkhoswe kumudziko, dziwani kuti muli dzanja la mwana wa kwathu.

Nabanda:
Malume, zoona zimenezi? Ine Ray Phiri ndimamudziwa ndi Stimela basi, bambo anga anali ndi makaseti ake.

Malume wa ku Joni:
Ndi yemweyo, mayi. Stimela linali gulu lake, lomwe linatuluka mu gulu lakale la The Cannibals. Ndipo womenya ng'oma wa Stimela, Isaac Mtshali, ndi amene ali pa ng'oma mu You Can Call Me Al. Ndiye taonani pansi pa nyimboyi: ng'oma Mtshali, gitala Phiri, bezi Kumalo. Atatu onsewo ndi a kuno. Ray sanangomenya gitala, anathandizanso kukonza mmene nyimbo iziyendera. Anamwalira mu July 2017 ali ndi zaka 70, boma la kuno litamupatsa kale ulemu wa Order of Ikhamanga mu 2011.

Yamikani 265:
Ndiye inajambulidwa ku Joni?

Mada wa ku Situdiyo:
Apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Chimbale chonse cha Graceland, momwe muli nyimboyi, chinayambira ku Johannesburg, inde. Paul Simon ndi Roy Halee anapita kumeneko mu February 1985, anakhala pafupifupi masabata awiri ku Ovation Studios. Koma nyimbo iyiyi inajambulidwa ku New York, ku situdiyo ya Hit Factory. Simon anaitanitsa anyamata aja kuti amupeze kwawo.

Chimene ndimafuna anzanga ojambula nyimbo aone ndi ndondomeko yake. Ife tinazolowera kuti woyimba amabwera ndi mawu ake m'kope, ife n'kumufunira zida. Simon anachita mosemphana. Ankawasiya oyimbawo azimenya zimene akuzidziwa, tepi ikuzungulira, popanda mawu alionse. Akabwerera ku New York, Halee ankadula n'kulumikiza, apa kuchotsa, apa kubwereza, mpaka chinthu chioneke kuti chili ndi vesi ndi kolasi. Mawu anabwera pamapeto penipeni, ndipo Simon ankawalemba akumvetsera mmene gitala ndi bezi zikusinthira vesi ndi vesi. Ndiye mukamamva akulankhula mothamanga m'mavesi muja, mawu ambirimbiri mumpweya umodzi, si kuti akudzionetsera. Akutsatira zimene zida zinali zitayala kale.

Ndipo kuthamangako kunadzetsa vuto posakaniza. Zida zinali zambiri, mawu ankamira. Halee anagwiritsa ntchito ma tape delay awiri, makina obwereza liwu mochedwerako pang'ono, lina kumanzere lina kumanja, kuti liwu lituluke pamwamba. Valani mahedifoni mumvetsere vesi yoyamba, mumva kuti liwu lili ndi kamthunzi mbali zonse ziwiri.

Yamikani 265:
Ine ndikamaimva ndimangomva pop ya ku America ya m'ma 80. Malipenga aja, kiyibodi ija. Za ku Joni zili pati?

Malume wa ku Joni:
Zili pansi, mwana wanga. Iwe ukumvetsera denga.

Mada wa ku Situdiyo:
Yamikani sakunama kwenikweni. Kanyimbo kotsegulira kamene aliyense amakadziwa kali pa synthesizer ndi malipenga, ndipo amene anakonza malipengawo ndi Rob Mounsey wa ku America. Oliza malipenga ndi akatswiri a ku New York, anthu ngati Randy Brecker ndi Jon Faddis, Ronnie Cuber ali pa saxophone yaikulu ya mawu apansi. Adrian Belew anaikamo guitar synthesizer. Kuwala konse kuja ndi kwa situdiyo ya ku New York ya 1986, palibe kutsutsa.

Koma chotsa zimenezo m'mutu mwako, utsale ndi zitatu zija. Nyimbo ili mu kiyi ya F, ndipo imangozungulira pa ma chord ochepa, makamaka F, B flat ndi C, liwiro lake pafupifupi 128 pa mphindi. Kolasi ikafika, ma chord sapita kutali, chimasintha ndi chimene chaikidwa pamwamba. Umenewo ndi mtima wa mbaqanga ndi township jive, nyimbo za m'makomboni a ku South Africa: kagudumu kakang'ono kongozungulira, kukoma kwake kuli m'mene aliyense akulowera ndi kutulukira. Ndipo bezi siikhala phee kugwira muzu wa chord ngati mu pop yambiri. Imayimba nyimbo yakeyake, imatsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina, imayankha woyimba. Fretless imalola zimenezo chifukwa palibe kachitsulo kodula mawu. Gitala ya Ray nayonso sikwapula ma chord athunthu, imangotola timanoti toyera, tifupitifupi, m'mipata imene bezi yasiya.

Gift wa Bezi:
Zimenezi ndi zoona. Ndikamaimenya ndimapeza kuti chovuta si kachigawo kotchuka kaja ayi, koma kusunga mavesi. Bezi yake imadumphadumpha koma siyenera kuthamanga. Ukangofulumira pang'ono, ng'oma imakusiya.

Agogo a ku Chileka:
Ana inu mwaiwala chitoliro. Ndakhala ndikudikira kuti wina achitchule. Pakati pa nyimbo paja pali kachitoliro kachitsulo kamene kamalira kokha. Kameneko ndi ka kwela, nyimbo za zitoliro za m'misewu ya ku Joni. Ife tinakula nako. Anyamata obwera ku Wenela ankabwera ndi mbale za galamafoni za Spokes Mashiyane, ndipo posakhalitsa ana a kuno anayamba kuliza okha. Kwathu kuno ku Chileka, m'mudzi wa Singano, kunali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald. Daniel pa gitala, Donald pa chitoliro, ali kamnyamata. Mzungu wofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik, anawapeza mu 1967 n'kuwajambula, ndipo pambuyo pake Donald anakayimba mpaka ku Ulaya. Pamene kwela inkazilala ku Joni komwe inabadwira, kuno inali ikadali moyo.

Ndiye ine nditamva nyimbo ya Simon koyamba pa wailesi, Chingerezi chake sindinachitsate, koma chitoliro chija ndinachizindikira nthawi yomweyo.

Nabanda:
Agogo, ndiye analiza ndani mu nyimboyi? Mmodzi wa akale a kwela?

Mada wa ku Situdiyo:
Ayi mayi, ndi Morris Goldberg, mzungu wobadwira ku Cape Town amene ankakhala ku New York. Ntchito yake yeniyeni ndi saxophone, ndipo ali mu nyimbo ya Mannenberg ya Abdullah Ibrahim ya 1974. Kwela anakula akuimva m'misewu ya kwawo.

Agogo a ku Chileka:
Analiza bwino, sindimuchotsera. Koma kaliziridwe kake n'koyera kwambiri, kosambitsidwa. Anyamata a kwela chitoliro ankachilowetsa m'kamwa mwakuya, chopendekera kumbali, kuti mawu azikhota ndi kunenepa. Ukamva Donald ukumva mpweya wa munthu. Uyu wa Simon ukumva situdiyo. Koma poti nyimbo yake inali yopita pa mawailesi a dziko lonse, mwina anafuna choncho.

Tiya UK:
Pepani kuti ndisokoneza chisangalalo. Tikuyamikira Phiri, Kumalo, Mtshali, koma tayang'anani pamene palembedwa mwini nyimbo. Pali dzina limodzi lokha: Paul Simon. Mwanena nokha kuti zida ndi zimene zinayamba, mawu anabwera pambuyo akutsatira zidazo. Ndiye wopeka nyimbo ndi ndani pamenepa? Ndipo tisaiwale nyengo yake. Mu 1980 bungwe la United Nations linapempha oyimba ndi aluso onse kuti anyanyale South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Harry Belafonte anamulangiza Simon kuti ayambe wakambirana ndi ANC. Iye anangonyamuka. Pamene anabwera kudzayimba kuno ku Royal Albert Hall mu 1987, panja panali zionetsero, oyimba ngati Jerry Dammers ndi Billy Bragg ali m'gulu lomudzudzula.

Malume wa ku Joni:
Tiya, mafunso ako ndi awiri, usawamange mtolo umodzi. La kunyanyala ndiyankha ine chifukwa ndakhala kuno nthawi yaitali ndipo ndacheza ndi anthu amene anaiona nyengo imeneyo. Kunyanyala kuja cholinga chake chinali choti oyimba akunja asabwere kudzasangalatsa azungu ku malo a zisangalalo a Sun City n'kumapatsa boma nkhope yabwino. Simon anakana kukayimba ku Sun City. Sanachite konsati iliyonse kuno nthawi imeneyo. Analowa mu situdiyo ndi anthu akuda, anawalipira katatu kuposa mlingo wa oyimba a mu situdiyo ku New York, n'kuwatengera kunja kuti dziko liwaone. Boma la tsankho linkafuna dziko likhulupirire kuti anthu akuda alibe kanthu. Chimbale chimenechi chinanena zosiyana. Hugh Masekela ndi Miriam Makeba, anthu amene anathawa m'dziko lawo chifukwa cha boma lomwelo, anayenda naye pa ulendo wonse wa makonsati a Graceland. Iwe ndi ine tingawaphunzitse za tsankho amenewo?

Tiya UK:
Sindingawaphunzitse, malume, koma si onse amene anagwirizana nawo. Dali Tambo, mwana wa mtsogoleri wa ANC Oliver Tambo komanso mmodzi mwa amene anayambitsa gulu la Artists Against Apartheid, anatsutsa poyera, ndipo mu filimu ya Under African Skies ya 2012 akuoneka atakhala pansi ndi Simon akumufotokozerabe chifukwa chake. Mfundo yawo inali yoti kunyanyala kumagwira ntchito ngati aliyense akumvera. Munthu mmodzi akangodzipatsa chilolezo chifukwa cholinga chake n'chabwino, mawa wina adzanenanso chimodzimodzi. Komanso pa chimbale chomwecho anaitana Linda Ronstadt, amene anali atayimbapo ku Sun City. Chimenecho chinali chala m'diso.

Nabanda:
Ife Amalawi nkhani iyi tiziikamba modzichepetsa pang'ono. Nthawi imeneyo dziko lathu linali ndi ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira 1967, anzathu onse atatembenuza msana. Ndege zinkapita, anthu ankapita ku migodi, katundu wa m'masitolo ankachokera komweko. Sindikuti Tiya walakwa, koma mwala woponya tiusankhe waung'ono.

Tiya UK:
Zimenezo zinali zochita za boma, achemwali, osati za ine ndi inu. Koma ndamva.

Mwale wa ku Mbare:
Ndilowepo ine wa ku Harare. Poti Masekela ndi Makeba sakanatha kulowa mu South Africa, konsati yaikulu ya ku Africa ya ulendo umenewo inachitikira kuno, ku Rufaro Stadium, mu February 1987. Rufaro ili mu Mbare momwe muno, komwe ambiri a ife ndife zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Akuluakulu a kuno amaikumbukirabe. Anthu anachoka ku Joni pa galimoto kudzaonera, akuda ndi azungu kukhala bwalo limodzi, chinthu chimene kwawo chinali chovuta. Inajambulidwa pa kanema, mukhoza kuipeza pa YouTube. Gift, ukaonere imeneyo, Kumalo akuoneka bwino ndipo uona mmene dzanja lake likuyendera. Uonenso Ray Phiri mmene akuvinira ndi gitala, miyendo yake ngati ilibe mafupa.

Simon anadzayimba mu South Africa mwenimweni mu January 1992, kunyanyala kutachotsedwa, Mandela atavomereza. Ngakhale pamenepo achinyamata a gulu la ndale la AZAPO anachitabe zionetsero.

Mada wa ku Situdiyo:
Funso loyamba la Tiya lija lisatithawe, chifukwa ndi limene limatikhudza ife a mu situdiyo tsiku ndi tsiku. Kunena chilungamo, pa nyimbo zina za chimbalechi Simon anagawana umwini. The Boy in the Bubble analemba limodzi ndi Forere Motloheloa wa ku Lesotho, woliza akodiyoni. I Know What I Know pali dzina la General M.D. Shirinda. Homeless pali Joseph Shabalala wa Ladysmith Black Mambazo. Kumeneko kunali kosavuta, chifukwa nyimbozo zinamangidwa pa zinthu zimene eni ake anali nazo kale. Vuto lili pa nyimbo ngati iyi, imene inabadwira mu situdiyo anthu akungomenya. Lamulo la umwini limayang'ana mawu ndi kayimbidwe ka pamwamba. Mzere wa bezi, kamenyedwe ka gitala, ng'oma, zonsezo limaziona ngati kukonza chabe, ndipo wokonza amalandira yake ya tsiku limenelo n'kupita. Lamulo limenelo linapangidwira nyimbo zolembedwa pa piyano ndi munthu mmodzi. Nyimbo za kuno kwathu sizibadwa choncho. Kuno kagudumu kaja ndiye nyimboyo.

Ray Phiri mwiniwake, patapita zaka, anadandaula poyera kuti sanapatsidwe umwini pa zimene anapeka ndipo ndalama zotsatira sanazione mokwanira. Gulu la ku America la Los Lobos, lomwe lili pa nyimbo yomaliza ya chimbalechi, linadandaulanso zofanana. Ndiye si nkhani ya Africa yokha.

Malume wa ku Joni:
Anadandaula, inde. Koma anayendabe naye, anabweranso pa chimbale chotsatira cha The Rhythm of the Saints, ndipo Kumalo wamenya bezi kwa Simon zaka zambirimbiri pambuyo pake. Zinthu ziwirizi zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi: munthu anakutsegulira chitseko, komanso sanakupatse gawo lako lonse.

Gift wa Bezi:
Izi zikuchitika ngakhale kuno. Umapita ku situdiyo, woyimba wabwera ndi mawu okha, iwe n'kupeka mzere wa bezi umene anthu adzaimbe ndi pakamwa m'minibasi. Akupatsa ya transport. Ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, kukalembetsa, dzina lako kulibe.

Mada wa ku Situdiyo:
Ndiye muzigwirizana musanayambe kujambula, osati nyimbo itaphulika. Pepala limodzi lokha, aliyense asaine. Ndimawauza anyamata tsiku lililonse koma amachita manyazi.

Nabanda:
Inu mwakhala pa zida ndi ndalama, ine ndibwerere ku mawu, chifukwa ndikuona ngati tikumuchepetsa mwini wake. Nyimbo iyi anthu amaivina ngati yachisangalalo, koma mukaimvetsa ndi ya munthu wosokonezeka. Vesi yoyamba ndi bambo wa zaka zapakati akudziyang'ana, mimba yayamba kutuluka, moyo ukumulimbira, akuopa kutha ngati choseketsa. Yachiwiri akudandaula kuti maganizo ake sakhazikika ndipo amene ankamutenga ngati chitsanzo wapita. Yachitatu mwadzidzidzi ali m'dziko lachilendo, chilankhulo sakuchidziwa, ndalama ya kumeneko alibe, akuona ng'ombe pamsika, ndipo m'malo mochita mantha akuyamba kuona ulemerero m'zinthu zomuzungulira mpaka kutamanda. Simon ananenapo kuti vesi yachitatuyo ikuchokera pa ulendo wake wa ku South Africa.

Ndipo ganizirani pamene iye anali. Anabadwa mu 1941, ndiye apa ali ndi zaka za m'ma 40. Chimbale chake cha Hearts and Bones cha 1983 sichinayende malonda. Banja lake ndi Carrie Fisher linali litatha. Anthu ankamuona ngati wakale. Kenaka woyimba wina, Heidi Berg, anamubwereka kaseti ya township jive, iye n'kumangoimvera m'galimoto osaimitsa. Ndiye munthu wa m'nyimboyo ndi iye yemwe, akudziseka. Luso lake ndi loti anaika madandaulo a munthu wokhuta pamwamba pa zida zosangalala za anthu amene anali pa mavuto enieni, ndipo akudziwa kuti zikuseketsa. Zimenezo Kumalo kapena Phiri sakanamulembera.

Tiya UK:
Kapena tinene kuti anapita ku dziko limene likuyaka moto n'kubwerako ndi nyimbo yokamba za mimba yake.

Nabanda:
Mukhoza kutero. Koma akanabwerako ndi nyimbo yolira m'malo mwa anthu a ku Soweto, bwenzi mukuti akuwalankhulira ngati alibe pakamwa. Za ndale anazisiyira eni ake. Pa siteji Masekela ankayimba Bring Him Back Home, yofuna kuti Mandela atulutsidwe, ndipo ankatseka ndi Nkosi Sikelel' iAfrika.

Yamikani 265:
Nanga Al ndi Betty ndi ndani? Ine ndimaganiza kuti ndi chibwenzi.

Nabanda:
Ayi, ndi nthabwala ya m'nyumba. Simon ndi mkazi wake woyamba, Peggy Harper, anali ndi phwando, ndipo kunabwera katswiri wa nyimbo wa ku France, Pierre Boulez. Potsanzika sanamve bwino maina, Paul anamutcha Al, Peggy anamutcha Betty. Awiriwo anapitiriza kuitanana choncho moseka. Patapita zaka zambiri ndi pamene zinalowa mu kolasi.

Yamikani 265:
Koma inu, ine mpaka chaka chatha ndimadziwa kuti Paul Simon ndi wamtali uja wa mu vidiyo.

Mwale wa ku Mbare:
Hahaha si iwe wekha! Wamtaliyo ndi Chevy Chase, wa mafilimu oseketsa. Iye ndi amene akuyendetsa milomo nyimbo yonse, mwini nyimbo wakhala pambali ngati mlendo, akungotuluka kukatenga zida, kubwera ndi ng'oma, kuliza chitoliro. Vidiyo yoyamba inali ina, yotengedwa pa pulogalamu ya Saturday Night Live, koma Simon sanaikonde. Iyi yachiwiri maganizo anachokera kwa Lorne Michaels, mkulu wa pulogalamuyo, ndipo anaitsogolera ndi Gary Weis. Chipinda chimodzi, mipando iwiri, basi.

Agogo a ku Chileka:
Ife mavidiyo amenewo tinawaona mochedwa. TVM inayamba 1999. Nyimbo tinkaidziwa ndi khutu, nkhope ya munthu osaidziwa, ndipo sizinatisowetse tulo.

Tiya UK:
Koma onani, ngakhale mu vidiyomo, amene akuoneka akumenya kabezi kaja ndi Simon. Kumalo mulibe. Mwana amene anaonera MTV mu 1986 sakanadziwa kuti kuli munthu wotchedwa Bakithi.

Mada wa ku Situdiyo:
Pamenepo ndikugwirizana nawe, ngakhale vidiyo yonseyo ndi yonamizira dala, poti ngakhale woyimbayo ndi wabodza. Chimene chinawaonetsa anyamatawo ku dziko ndi ulendo wa makonsati, osati vidiyo.

China chimene anthu sadziwa n'choti nyimboyi sinaphulike nthawi yomweyo kwawo. Itatuluka mu 1986, ku America inangofika pa nambala 44 n'kutsika. Ku Britain ndi kumene inakwera mpaka pa nambala 4. Kenaka Graceland itapata Grammy ya chimbale chopambana cha chaka kumayambiriro kwa 1987, anaitulutsanso, n'kufika pa 23. Ndiye nyimbo imene lero aliyense amaidziwa sinalowepo ngakhale mu 20 zapamwamba kwawo.

Malume wa ku Joni:
Pali kankhani kena ka Ray kamene ndimakakonda, ngakhale n'ka nyimbo ina, ya Graceland yeniyeniyo. Akumenya mu situdiyo, Ray anaponyamo chord ya minor, chinthu chimene mu mbaqanga sichimveka kawirikawiri. Simon anadabwa n'kumufunsa chifukwa chake. Ray anayankha kuti akungotsanzira mmene Simon amapekera nyimbo zake. Ndiye pamene mzungu ankayesa kumveka ngati wa ku Soweto, wa kuno naye ankamumvetsera n'kumubwezera zake. Anthu akamati Simon anangobwera kudzatola, amaiwala kuti anyamatawa anali akatswiri odziwa nyimbo za ku America kuposa mmene iye ankadziwira zawo.

Tiya UK:
Ndiye n'chifukwa chake dzina la Phiri likanayenera kukhala pambali pa la Simon, malume. Mwandithandiza kunena.

Malume wa ku Joni:
Pa dzinapo sindikutsutsa. Ndimatsutsa zoti asakanabwera n'komwe.

Gift wa Bezi:
A Mada, funso lomaliza la ntchito. Ndilibe fretless. Ndingayandikire bwanji kamvekedwe kameneka pa bezi wamba?

Mada wa ku Situdiyo:
M'mavesi menyera kufupi ndi bridge, pamene zingwe zamangidwa pa thupi la bezi, kuti mawu akhale olimba, utsegule ma mid, mawu apakatikati, pang'ono, ndipo uzitsetsereka polowa mu noti m'malo moidumphira. Manoti akhale afupi, uziwadula ndi dzanja lamanzere. Pa kachigawo kotchuka kaja ndi chala chachikulu ndi kukoka, slap, ndipo yamba pa liwiro la 80 usanafike ku 128. Theka lachiwiri ungobweza manoti omwewo chobwerera, usalimbane ndi kamvekedwe ka tepi. Ukafuna kumva mmene zinachitikira, jambula theka loyamba pa foni, ulilowetse mu pulogalamu ya pakompyuta ya Audacity, usankhe reverse, ulumikize. Ubwere nayo Loweruka masana, magetsi akakhalapo tidzayesere limodzi.

Yamikani 265:
Inenso ndibwera, koma ine ndidzakhala Chevy Chase.